Si Matayala Anga

A Dalaivala anayendetsa malole zaka makumi awiri ndi zinayi, mpaka tsiku lomwe lole inagubuduzika nawo pakona n'kuwasiya ndi miyendo yosamva. Ntchito inatha, koma dzina linawakanirira. Ali m'chipatala momwemo analamula kuti awamangire nyumba yopanda masitepe, yoti chikuku chawo cha matayala chizichoka pakhonde mpaka kukhitchini popanda kupempha munthu kuti awanyamule. Amene anawapezera kontirakitala ndi alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anati ndi mnzawo wa kalekale ndipo dzanja lake sililakwa.

Isanathe miyezi isanu ndi itatu, pansi panayamba kufumbuka. Akazi awo akasesa m'mawa, pofika masana fumbi lotuwa linali litabwerera. Pabalaza simenti inkasupuka zigambazigamba, ndipo mng'alu unachoka pachitseko cha kukhitchini n'kulowera kunsi kwa tebulo. Tsiku lina katayala kakutsogolo kanakodwa mumng'alumo, tiyi n'kukhuthukira pantchafu pawo. Kutentha sanakumve. Anangoona matuza povula.

Kontirakitala anabwera ataimbiridwa foni kachinayi, Loweruka m'mawa, alamu ali pambuyo pake. Anazungulira pabalaza manja ali m'thumba, akupalasa pansi ndi nsonga ya nsapato. Anayamba n'kunena kuti simenti iliyonse imang'aluka, ngakhale ya kubanki. Kenako anayang'ana chikuku chija nthawi yaitali.

"Bambo, musakhumudwe, koma vuto ndi matayalawa," anatero. "Pansi pa nyumba timapangira mapazi. Izi zikuyenda tsiku lonse, zikudya simenti."

Alamu anavomera ndi mutu msangamsanga, n'kunena kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, kapeti agula okha, ayale, ziiwalike.

Chimene chinawawawa a Dalaivala si bodzalo, koma kuti iwonso anali atayamba kulikhulupirira. Kwa milungu itatu ankakhala malo amodzi pawindo, kuopa kuwononga nyumba yawo yomwe. Ndipo apa anaona akazi awo akuba diso kuyang'ana matayala aja.

Sanakweze mawu. Anatembenuza chikuku n'kuuza onse kuti awatsatire. Kumapeto kwa kanjira ka m'nyumbamo kunali kachipinda kosungiramo katundu. Chikuku chinafika pakhomo pake n'kugunda mafelemu mbali zonse ziwiri. Anapempha akazi awo kuti akoke sutikesi ndi makatoni, kenako anatulutsa kiyi m'thumba la malaya n'kumupatsa kontirakitala kuti akande pansi.

Kontirakitala anaseka, akuti iye si mwana woti azikanda pansi. Akazi awo a Dalaivala ndi amene anatenga kiyiyo. Anagwada, n'kukanda kamodzi. Kiyi inalowa ngati ikulowa m'sopo, mchenga n'kutuluka. Pomwe panali sutikesi panali mng'alu wina, wotalika ngati mkono.

"M'chipinda ichi sindinalowemo chimangire," anatero a Dalaivala. "Chitseko munachichepetsa ndinu. Ndiye mundiuze, akudya simenti m'menemo ndani?"

Kontirakitala anayamba kunena za dothi la m'derali, kenako za dzuwa, kenako za simenti ya masiku ano. Pomaliza anati abwera Lolemba. Lolemba linadutsa, linanso linadutsa.

Pamenepo a Dalaivala anaitana injiniya, mayi wosalankhulalankhula, amene anagogoda pansi ndi hamala chipinda ndi chipinda, n'kuboola pawiri. Anati maziko ali bwino, nyumba siigwa. Koma pamwambapo kontirakitala anachulutsa mchenga ndi madzi, ndipo sanathirire pouma. Pafunika kugumula pamwamba ponse n'kuthiranso.

Alamu atamva, anabwera kudzachonderera kuti asamuchititse manyazi mnzawoyo, munthu ali ndi ana. A Dalaivala anawafunsa ngati pobwera anaona kuti mlongo wawo akukhosomola fumbi. Alamu ananyamuka osatsanzika.

Kontirakitala anali akumanga nyumba yosanja kutsidya kwa msika. Lachitatu m'mawa a Dalaivala anauza akazi awo kuti fumbi la tsikulo asataye, alithire m'ndowa pamodzi ndi zidutswa zosupuka. Akazi awo anawayang'ana, n'kufunsa ngati apenga.

"Amayi, kupenga ndinapenga pomwe ndimakhala pawindo paja," anayankha.

Takisi inawatsitsa pageti pa nyumba yosanjayo. Anakhala pamenepo chipewa kumutu, ndowa pamiyendo. Sanatukwane munthu, sanalembe chikwangwani. Aliyense wofunsa kuti m'ndowamo muli chiyani, ankamuyankha kuti ndi nyumba yawo, amene anamanga ndi yemweyu akumanga apa. Amisiri ankasekera m'manja. Mlonda anayesa kuwachotsa, koma iwo anamanga mabuleki n'kumuuza kuti msewu ndi wa aliyense, akafuna awanyamule. Mlondayo anayang'ana kukula kwa mapewa awo n'kubwerera kukakhala pampando.

Tsiku lachiwiri mwini nyumba yosanja anaimitsa galimoto, n'kupisa dzanja m'ndowa. Anafikisa mchengawo ndi zala, n'kulowa mkati. Mawu ake okalipira kontirakitala ankamveka mpaka kumsewu.

Lachisanu amisiri asanu anafika kwa a Dalaivala ndi matchizulo ndi mawilibala. Kontirakitala sanaoneke, anatuma kapitawo wake. Kapitawoyo anapempha kuti banjalo likayambe lakhala kwa abale milungu iwiri. A Dalaivala anakana. Anatulutsira bedi pakhonde, n'kukhala pomwe amisiri ankasakanizira simenti, maso ali pafosholo. Wilibala ya mchenga ikapitirira muyeso, ankangokhosomola, ndipo mmisiri ankaibweza. Zaka zonse zomwe ankadikira kuti atsitse matumba a simenti pamalo omanga, sankangogona m'lole.

Alamu sanapondepo masiku onsewo. Akazi awo a Dalaivala zinkawapweteka, koma sananene kuti amuna awo analakwa.

Amisiri atathira simenti yatsopano, a Dalaivala anatenga paipi ya madzi n'kumathirira okha ali pakhomo, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachitatu kapitawo anati basi zakwana, ayambe kulowetsa katundu.

"Injiniya anati masiku asanu ndi awiri," anatero a Dalaivala. "Inu ngati mukufulumira, pitani. Ine ndilibe ulendo."

Kapitawo anakanda kumutu, n'kupita kukawatsegulira mpopi.