Sikelo ya a Onjezani

Dzina loti a Onjezani sanachite kulipempha. Linabwera lokha, chifukwa kwa zaka makumi atatu mankhwala awo pa eyakoni (makina oziziritsa m'nyumba) iliyonse yodwala anali amodzi: kuonjezera gasi. Ikalira, gasi. Ikadontha madzi, gasi. Ndipo tisanamizane, kawirikawiri zinkayenda, moti akuluwa ankalowa pakhomo la munthu botolo la gasi lili paphewa, mtima uli m'malo.

Koma makasitomala anali atapita mmodzimmodzi, ndipo wodalirika anangotsala mmodzi: mayi a saluni ya pangodya ya msewu, amene eyakoni yawo a Onjezani anaiika okha ndi manja awo. Sabata imeneyo anali ataionjezera gasi katatu. Katatu konse inangozizira pang'ono, kompuresa n'kubuula, kenako zii.

Lachisanu m'mawa anapeza mayiwo ataima pakhomo, akudzikupiza ndi chikatoni cha mankhwala a tsitsi. M'katimo zoumitsira tsitsi zinali kuuzira moto, azimayi awiri atakhala pamipando thukuta lili kamukamu.

"A Onjezani, ine ndimakulemekezani," anatero mayi a saluni. "Koma thu koloko kukubwera mkwatibwi ndi omuperekeza asanu. Ndiwapake zodzola kumaso zizikayenderera m'khosi? Ikapanda kuzizira pofika nthawi imeneyo, ndiitana ena, ndipo basi tasiyana."

A Onjezani anakwera makwerero, nalumikiza mageji awo opimira mphamvu ya gasi. Muvi wa geji ya mbali yoyamwa gasi unali pansi ngati dzana. Kwa iwo zimenezo zinkatanthauza chinthu chimodzi, gasi wachepa. Dzanja linapita lokha pabotolo, koma linaima. Kachinayi? Apa anachita mantha enieni. Saluni imeneyi ikawachoka, atsala munthu wokhala pakhonde n'kumawerenga magalimoto odutsa.

Tsono akuluwa anali ndi mwana wamkazi, woyamba kubadwa, amene anaphunzira ntchito yomweyi kusukulu ndipo anali ndi kagalimoto kakekake. Chaka chatha mwanayo anawagulira sikelo yoyezera gasi. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Kodi ndayamba kugulitsa nyemba?" Sikeloyo anaipereka kwa akazi awo, ndipo kukhitchini inkagwiradi ntchito yoyeza ufa ndi shuga. Kuchokera tsikulo, bambo ndi mwana ankacheza za mvula ndi za adzukulu, za ntchito ayi.

Anaitulutsa foni, kuibweza m'thumba, kuitulutsanso. Madzi akafika m'khosi munthu sasankha pogwira.

"Iwe, uli kutali?"

"Ayi Bambo. Kwagwanji?"

"Palibe. Ndimati udzaone kanthu kena kuno kusaluni. Kuti uphunzirepo."

"Ndikubwera ndidzaphunzire," anatero mwanayo, ndipo a Onjezani anamva bwinobwino kuti akumwetulira.

Anafika atavala ovolosi, nawapatsa moni mayi a saluni, n'kukwera. Anayang'ana mageji onse awiri, osati imodzi.

"Bambo, mbali iyi ili pansi, zoona. Nanga inayi mwaiona? Muvi watsala pang'ono kutuluka m'galasi."

"Kunja kwatenthaku."

"Mwina. Tabwerani kuno."

Anatsegula chivundikiro cha makina am'kati, nawaonetsa valavu, kachitsulo kamkuwa kamene kamatsegulira gasi pang'onopang'ono kuti alowe m'mapaipi oziziritsa. Pakamwa pake panali patachita chisanu choyera mbuu. Kuchokera pavalavupo panali kawaya kopita ku kachitsulo kena konga chala, komangiriridwa papaipi. Mwanayo anakamasula n'kukaika m'dzanja la bambo ake.

"Kafumbateni. Kameneka kakamva kutentha kamauza valavu kuti itseguke. Dzanja lanu ndi lofunda, ndiye muvi ukwere."

A Onjezani anafumbata. Anafumbata mpaka misempha kuoneka. Muvi sunasunthe ngakhale pang'ono.

"Gasi alimo, Bambo. Chitseko ndiye chakanirira. Inu mwakhala mukuonjezera alendo pakhomo lotseka."

"Ndimaganiziranso zomwezo," anatero a Onjezani akuyang'ana kudenga.

Mwanayo anapita kugalimoto. Anakatenga botolo lopanda kanthu, kuliika pasikelo yake, n'kuyamba kupopera gasi yense wa m'makinamo. Kachikwangwani ka pa eyakoni kanalembedwa makilo atatu. Manambala a pasikelo anadutsa atatu, anadutsa anayi, anakaima pafupi ndi asanu. A Onjezani anavula chipewa n'kukanda mutu. Manyazi anawagwira, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanaseke.

Valavu yatsopano inali m'galimoto. Koma atatenga chowotcherera, mtsikanayo anazengereza.

"Bambo, apa m'pothina. Mwezi watha ndinapsereza ina yatsopano pamalo ngati pomwepa, ndipo ndilibe yachiwiri."

"Unaikulunga nsanza yonyowa?"

"Ndinaikulunga."

"Moto unalozetsa kuti?"

Mwanayo analoza kumutu kwa valavu.

"Bweretsa kuno. Mwana wa masiku ano, sikelo mbwee, moto osaudziwa!"

Anapempha kathaulo kusaluni, kukanyika m'madzi, kukulunga valavu. Kenako analozetsa lawi kumbali, kutali ndi mutu wa valavuyo, dzanja lili nji. Mtovu unayenda wokha kuzungulira paipi, bwinobwino, osadontha. Mwanayo anasuzumira pafupi, nati, "Mubwerezenso mbali inayo pang'onopang'ono, ndione." Mawu amenewo anawakomera a Onjezani kuposa chilichonse chimene anamva chaka chonsecho.

Atatha anapopa mpweya wonse m'mapaipi, n'kuyamba kuthira gasi, botolo lili pasikelo. A Onjezani ndiwo anagwira kotsegulira. Manambala atakwana makilo atatu, mwanayo anati, "Basi."

"Kangachepe kokha, ka mwayi."

"Bambo!"

Anatseka. Dzanja linkayabwa, koma anatseka.

Itatsala pang'ono thu koloko, mphepo yozizira inayamba kutsika m'saluni. Mayi wina amene ankalukidwa tsitsi anafunsa ngati pali chofunda. Mkwatibwi atalowa ndi gulu lake anaima pakati pa chipinda, natambasula manja, n'kuti, "Eee, muno ndiye sinditulukamo!"

Mayi a saluni anatsatira amisiriwo panja, nkhope ili mwee.

"Ndinadziwa ine kuti simungandigwiritse fuwa lamoto. Lero mwaonjezera wochuluka eti?"

Mwanayo anawerama n'kumakulunga mapaipi ake, kuwasiyira bambo ake bwalo. Akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Ayi mayi, lero tachotsa," anatero a Onjezani. "Ndinaithira wambiri ndine. Vuto waliona ndi mwana wangayu. Ikadzavutanso mudzatiitane tonse awiri."

"Ndiye tizikutchulani ndani tsopano, a Chotsani?"

Anaseka onse, ngakhale mwini dzina.

Masana omwewo a Onjezani analowa kukhitchini kwawo, kumene sankalowalowa. Anapeza akazi awo akuyeza ufa. Anaima kaye, kutsokomola, kenako anati, "Amayi, mukamaliza mundipukutire sikeloyo. Mawa ikupita kuntchito."