Gulu Likufuna Mayi Pyo

Ok Hye-rim ndiye anayambitsa gulu la pa intaneti la makasitomala a kampani ina ya nsapato zokwerera mapiri mumzinda wa Daegu. Linayamba ndi anthu makumi anayi, koma patatha zaka zisanu ndi chimodzi anali atapitirira zikwi khumi. Malamulo onse analemba yekha: osatukwana, osatsatsa malonda a ena, madandaulo azipita ku ofesi osati pagulu. Wophwanya lamulo, uthenga wake sunkagona, ankaufufuta.

Ntchito itamukulira, bwana anamupatsa mnzake, Mayi Pyo Geum-ja, omwe anasoka nsapato m'fakitale zaka makumi awiri. Ankalemba ndi zala ziwiri, zilembo zina n'kumazidumpha, moti Hye-rim anawamvera chisoni.

Chisonicho sichinakhalitse. Tsiku lina bambo wina analemba mokalipa kuti nsapato yake yamatuka pa ulendo woyamba. Hye-rim asanafufute, Mayi Pyo anali atayankha kale anthu onse akuona. Anapepesa, anapempha chithunzi cha kunsi kwa nsapatoyo, kenako anafotokoza pomwe msoko unalakwika ndi tsiku lomwe ina ifike. Bambo uja anazizira, mpaka anayamba kuyankhira anzake mafunso.

Pa nkhomaliro Hye-rim anawakumbutsa kuti lamulo silitero.

"Achemwali," anatero Mayi Pyo akupungula msuzi, "munthu wokwiya mukamutseka pakamwa, amakakuwira kwa aneba. Bola akuwire pakhomo pathu, timve."

Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse unkayamba ndi dzina lawo. Mayi Pyo, chithuza ndichitani? Mayi Pyo, taonani chipale chofewa cha lero. Hye-rim ankawerenga zonsezo mtima ukumutentha, chifukwa pa zaka zonse zija panalibe anamutchulapo dzina. Anthu atakonza zokwera phiri la Palgongsan n'kulemba kuti Mayi Pyo abwere chimanjamanja, kamba wa mpunga wokulunga wotchedwa kimbap abweretsa iwo, Hye-rim anaubisa uthengawo. Anaubwezera patatha ola, anthu atayamba kufunsana komwe wapita. Bwana naye pamsonkhano anati gulu tsopano lili ndi moyo, maso ali kwa Mayi Pyo.

Mwezi wotsatira Mayi Pyo anapita ku Pohang kukakwatitsa mwana wawo. Lachiwiri lake mayi wina anadandaula pagulu kuti nsapato yamutupitsa chala. Hye-rim anagwira mtima. Anamufunsa mayiyo kukula kwa phazi, mtundu wa sokosi, ngakhale mamangidwe a zingwe. Anacheza naye masana onse m'dzina la kampani mpaka anapeza kuti nsapatoyo inali yothina kutsogolo, ndipo anamutumizira ina.

Yankho linabwera Lachisanu. "Zikomo Mayi Pyo. Ndinadziwa kuti ndinu, palibenso wina kumeneko woleza mtima chonchi."

Hye-rim anatuluka kukaima pakhonde, khofi n'kumuzizirira m'manja.

Mayi Pyo atabwerera Lolemba anawerenga zonse, anapukusa mutu, n'kulemba pagulu kuti iwo kunalibe, wathandiza ndi a Ok, mwini wake wa gululi, amene anawaphunzitsa ntchito. Anthu atatu anathokoza a Ok. Ena oposa zana anafunsa ngati ukwati unayenda bwino, n'kupempha zithunzi za mkwatibwi. Zithunzizo Mayi Pyo sankadziwa kaikidwe kake, choncho anaziika ndi Hye-rim, chimodzichimodzi.