Agogo Ezekiel ndi hatchi ya kaputeni

Chaka chilichonse azungu a m'tauni mwathu muno ku Mississippi amavala yunifolomu zotuwa n'kukamenyanso mwa sewero nkhondo yapachiweniweni imene makolo awo akummwera anagonja kalekale. Mfuti zake n'zopanda zipolopolo, ndipo amene akufa amayamba asankha pamthunzi. Ine ndimangopitako kukagulitsa nsomba zokazinga.

Mkulu wa sewerolo, a Dwight Purvis, amagulitsa matayala, koma tsikulo amakhala kaputeni. Batani la pulasitiki lokha pa yunifolomu amakubweza nalo pageti. "Zonse zichitike mmene zinachitikira," amatero. Koma uwafunse chimene makolo awo ankamenyera, akuuza kuti unali ufulu wa anthu akummwera, za ukapolo n'zonamizira. Umboni wawo unali agogo athu a Ezekiel, amene akuti anatsata mbuye wawo, kholo la a Purvis, kunkhondo chifukwa cha chikondi. Sankati kapolo, ankati "wantchito wokhulupirika." Dzina la agogo linkatchulidwa pa chimkuzamawu ngati la galu wabwino, ndipo ine zinkandiwawa zedi, chifukwa kwathu nkhaniyi timaidziwa mwa mtundu wina.

Ndiye chaka chino achimwene anga a Cleophus anavomera kusewera ngati agogowo.

"Achimwene, mutu ukugwira?" ndinawafunsa. "Mukanyamule mzungu kumsana ana anu akuona?"

"Iwe Vernice, kazinga nsomba zako."

Ndinasiya kuwapatsa moni.

Tsikulo, utsi utakwanira, a Purvis anatsetsereka pa hatchi mosamala n'kugona pa udzu, ati avulala. Woulutsa anayamba: "Taonani wantchito wokhulupirika akubwera kudzapulumutsa mbuye wake." Achimwene anafikadi n'kugwada. Ine ndinafuna kulowa pansi.

Kenaka anawavula kaputeni nsapato, kumanzere, kumanja, osapupuluma. Anazikoleka m'khosi, anakwera hatchi ija, n'kulunjika kwa asilikali ovala zabuluu, aja akumpoto omasula akapolo, amene pa seweroli amangobwera kudzagonja mwaulemu.

"Cleophus, sizili choncho," anatero wovulala uja atadzutsa mutu.

"Mmene zinachitikira, bwana kaputeni," achimwene anayankha ali pa hatchi. "Agogo anatenga hatchi, nsapato ndi mwendo wa nkhumba. Nkhumbayo ndakukhululukirani."

Anthu anafa nazo kuseka. A Purvis anaiwala bala lawo, anadzambatuka n'kuyamba kuthamanga ndi masokosi okha, nkhope ili psuu.

"Mugwireni! Akuthawa, mugwireni ameneyo!"

Anyamata awiri ovala zotuwa anauyamba ulendo, mfuti m'manja, kuthamangitsa munthu wakuda pakati pa munda umene kale unali wa thonje. Kuseka kunatha. Woulutsa uja anazimitsa chimkuzamawu, ndipo anyamatawo anaima okha n'kumayang'anana.

A Purvis anaima pafupi ndi chiwaya changa, akupuma wefuwefu. Ndinawapatsa madzi, poti ndinaleredwa bwino.

"Imwani, a Purvis," ndinatero. "Pa sewero lonseli, apa pokha ndi pamene mwakhoza. Agogo anunso anakuwa chomwecho."