Yankho Linali Pansi Penipeni

Kagetsi kofiira ka pa makina ofungatira mazira kanali kakuphethirabe pamene mkamwini analowa m'chipinda chosungira chakudya cha nkhuku. Anapeza apongozi ake atagwada, dzanja lina pa galasi la makinawo, lina litafinya foni.

"Bwerani kuno, inu a kampani. Makina anuwa asiya kutentha. Mazira atsala pang'ono kuswa, ndiye akuzizira ine ndikuona."

Mkamwiniyo ankagwira ntchito ku kampani yomwe inagulitsa makinawo. Ntchito yake inali yolemba masamba a malangizo omwe ogula amawerenga pa foni.

"Mwafufuza pa malangizo paja, amayi?"

"Ndalemba kuti sakutentha. Chabwera pamwamba n'chiyani? Kapukutidwe ka galasi! Ndabwerera, ndalembanso, galasi lomwelo. Kodi anapiye amaswa ndi ukhondo?"

"Ndiye kuti tsamba limenelo anthu amalitsegula kwambiri. Kompyuta imaika pamwamba lomwe latsegulidwa kambiri."

Mayiwo anadzuka, mawondo akulira.

"Nanga anthuwo amalitseguliranji?"

"Poti... ndi lomwe amayamba kuliona."

"Ndiye kuti inenso, m'mawa wonsewu ndakhala ndikulitsegula uku ndikutukwana, ndimalikweza?"

Mkamwini analandira foni n'kuyamba kutsitsa ndi chala. Anadutsa za galasi, za mapulagi, za makina atsopano aakulu. Tsamba lofunikalo linali pansi penipeni: fumbi likatseka kafani ka kumbuyo, makina amazimitsa okha moto.

"Limeneli ndinalemba ndine," anatero motsitsa mawu.

"Munalemba n'kulikwirira. Gwirani uko!"

Anasuntha makinawo, mayiwo n'kukolopola fumbi ndi mswachi wakale. Kafani kanayamba kuzungulira, kagetsi kanazima. Mayiwo anatulutsa dzira limodzi n'kuligunditsa patsaya. Linali zii. Analiika kukhutu, koma munalibe kugogoda kulikonse.

"Mawa mukalikweze pamwamba tsambalo. Si ine ndekha ndinagula makinawa."

"Pafunika abwana avomere, amayi. Pamakhala msonkhano wa..."

"Msonkhano! Mazira anga adikire msonkhano? Mwati chimakwera n'chomwe chatsegulidwa kambiri, si choncho?"

"Eya, koma munthu mmodzi sangathe..."

"Khalani apa."

Anamukokera thumba la chakudya cha nkhuku n'kumubwezera foni m'manja.

"Tsegulani tsamba lanulo, tsekani, tsegulaninso. Mudzuka pamenepa ndikamva mwanapiye akulira. Akapanda kulira, mazirawa mukawatulire abwana anuwo pa tebulo la msonkhano."

Masana mwana wawo wamkazi anasuzumira pakhomo.

"Amayi, bambo a mwana akadye, chakudya chikuzizira."

"Chizizire," anatero mayiwo osacheuka, khutu ali nalo pa galasi. "Ali pa ntchito."