Lilime Likadzidzimuka

Ayad anali ataloweza mawuwo kwa masabata atatu, akuwanong'ona motsatira kugunda kwa chowombera nsalu, mpaka anasalala m'kamwa mwake ngati mwala wa mumtsinje. Lachisanu limenelo anavala mkanjo wake woyera, nakulunga kansalu padzanja lamanja, pamene panali mphini ya mtanda yomwe anamutema ali khanda. Amayi ake atafunsa, anati wadzicheka ndi lumo lodulira ulusi.

Ku Akhmim, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Nailo, ngakhale mwana amadziwa kuti mnyamata wachikhristu sakwatira mtsikana wachisilamu. Ayad naye ankadziwa. Koma anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo Rawya, mwana wa bwana wake Haji Abdel-Sabur, ankabweretsa ulusi wonyika kowombera nsaluko m'mawa uliwonse, zala zake zitafiira ndi utoto wosachoka. Ayad ankaziona zala zimenezo ngakhale atatsinzina.

Chikondi chawo chinamera pa mkangano.

"Iwe wa milungu itatu, ulusi wako uwu," anatero Rawya tsiku lina, akuponya mtolo pamiyendo pake.

"Mmodzi. Ndikuuze kangati?" Ayad anatola ulusi nauonetsa padzuwa. "Taona. Tizingwe titatu, ulusi umodzi."

Rawya anaupotolola ndi chikhadabo mpaka tizingwe tinatayana. "Titatu. Masamu ndinakhoza ine, bambo."

"Wawononga ulusi wa abambo ako."

"Ndiye akuti Mulungu wakoyo anayamwa? Ankalira, amake n'kumamusintha matewera?"

"Ankalira," anayankha Ayad, osaseka. "Anamva njala, fumbi linamulowa m'maso ngati ife. Munthu ukamukonda sumukuwira uli pamwamba. Umatsika, n'kukakhala pamphasa yake."

Rawya anakulunga tizingwe tija pachala. "Wanga satsika chifukwa sanachokepo. Ali pompano kale." Kenako anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Nanga iweyo, ungatsike?"

Funso limeneli ndi lomwe linamubweretsa pakhomo pa Haji masana a Lachisanu, anthu atangobalalika kuchokera ku mzikiti. Sanafune kudikira nyengo yokolola nzimbe monga Rawya anamupemphera.

Haji Abdel-Sabur anali munthu wa ndevu zoyera ndi mimba yokonda kuseka. Bambo a Ayad atamwalira, ndi iye amene anaima pakhomo la tchalitchi mwambo wonse wa maliro, kenako n'kupatsa mwana wamasiyeyo chowombera nsalu cha malemu. Anamulandira Ayad m'chipinda cha alendo, namukhazika pabenchi ya mapilo.

"Lero si la ntchito, mwana wanga. Kapena abuna, ansembe anu aja, akutuma kuti udzandibatize?"

"Ayi, Haji. Ndabwera kudzapempha Rawya."

Kuseka kunazima pang'onopang'ono pankhope ya mkuluyo. Anayang'ana kansalu ka padzanja kaja nthawi yaitali.

"Ukudziwa khomo lake. Ndi Chisilamu."

"Ndikulidziwa. Ndakonzeka kulowa."

"Mayi ako akudziwa?"

Ayad anayang'ana pansi.

"Tamvera," anatero Haji. "Kunena kuti Mulungu ndi mmodzi sikungakuvute, inunso mumatero mukamaliza kuwerenga atatu anu aja. Ine ndikufuna ndimve za Isa, amene inu mumati Yesu. Ife timamulemekeza, amake Maryam timawalemekeza kuposa akazi onse. Koma Mwini thambo sangakwane m'mimba ya mkazi. Sadya, sagona, sakhomedwa pamtengo ndi asilikali. Ukamuika m'matewera wamunyoza, ngakhale utachita mwachikondi. Ndiuze ndi pakamwa pako kuti Isa ndi ndani."

Mawu aja anatuluka bwinobwino, monga anawalowezera. "Yesu ndi mneneri, kapolo wa Mulungu, mwana wa Mariya. Si Mwana wa Mulungu. Mulungu alibe mwana, ndipo sanabadwe kwa mkazi."

Atamaliza anadikira kuti denga ligwe. Silinagwe. Panja bulu analira, ngolo inadutsa. Mtima wake unapepuka ngati thonje, ndipo anayamba kale kuona kanyumba ka zipinda ziwiri moyang'ana Nailo, Rawya akuyanika ulusi wofiira padenga.

Haji anapuma mozama. "Chabwino. Rawya, bweretsa tiyi, mwana wanga."

Rawya analowa maso ali pansi, thireyi ili m'manja, ketulo ikufuka nthunzi. Anali atamva zonse kuseri kwa nsalu yotchinga khomo, ndipo chimwemwe chinali chitamudzaza. Phazi lake linakodwa m'mphepete mwa mkeka. Thireyi inapendekeka, ketulo n'kugubuduka, tiyi wowira n'kukhuthukira pamkono pake.

"M'dzina la mtanda!"

Ayad anali ataimirira kale. Dzanja lake lamanja linali litayenda lokha, pamphumi, pachifuwa, phewa ili ndi ilo. Ndi mawu amene Mkhristu aliyense wa kumeneko amanena mwana akagwa, galasi likasweka, galimoto ikaphonya munthu. Amayi ake anawanena pa iye kambirimbiri asanadziwe n'kuyankhula komwe. Kansalu kaja kanamasuka, kamtanda kobiriwira kanaonekera.

Rawya anagwira mkono wake wopsawo, koma sankauyang'ana. Ankayang'ana Ayad.

"Pita ukathire madzi ozizira," Haji anauza mwana wake mofatsa. Mtsikanayo atatuluka, mkuluyo anawerama natola matambula mmodzimmodzi.

"Haji, ndi chizolowezi chabe. Lilime laterereka. Ndibwereza, ndinena kakhumi ngati mukufuna."

"Khala pansi, Ayad. Zaka makumi anayi ndakhala ndikugula ulusi. Ulusi sindiuyesa uli pamtolo, ndimaukoka modzidzimutsa, pamenepo ndiye umanena zoona. Mawu oyamba aja unandikonzera ine. Awa sunakonzere munthu."

"Ndimamukonda."

"Ndaona. N'chifukwa chake unamuitanira amene umamukhulupirira." Haji anaika matambula pathireyi. "Tsiku lina mwana wanu adzatentha thupi, iwe udzathamangira kwa Yesu wako mumtima, mkazi wako akuyang'ana. Udzakhala wakuba m'nyumba yako yomwe. Mwana wanga sindimupereka kwa munthu wong'ambika pakati, ndiponso sindilanda mwana wa mkazi wamasiye chifukwa cha mawu oloweza. Zimene wanena muno zithera muno."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Kwa mlamu wanga ku Sohag akufuna wowomba nsalu. Ndikulembera kalata. Kuno usabwerenso, mwana wanga. Si chidani."

Potuluka anamupeza Rawya pampopi wa pabwalo, madzi akuyenderera pamkono wofiira. Sanatembenuke.

"Rawya."

"Unatsika ndithu," anatero mtsikanayo, mawu ali okhadzula. "Koma unabwera naye Yesu wakoyo."

"Ndikanatani? Ndinaona ukupsa."

"Ukanangotchula dzina langa."

Ayad anayenda m'tinjira ta Akhmim osaona munthu. Anadutsa pa tchalitchi, chitseko chili chotsegula, fungo la lubani likutuluka, koma miyendo inakana kukhota. Akalowa akanena chiyani kwa abuna? Kuti anamukana Khristu mwadala, ali wodekha, atavala mkanjo woyera, ndipo anamuvomera mwangozi chifukwa cha ketulo? Sanadziwe kuti mwa ziwirizi Mulungu anamva chiti. Sanadziwenso kuti ndi Mulungu uti amene anamva, wotsika uja kapena wosachoka uja.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Linali tsiku losala nyama, ndipo amayi ake anali ataika patebulo mphodza, buledi ndi anyezi. Anayang'ana dzanja lake lopanda kansalu, lopanda bala, koma sanafunse.

"Samba m'manja, udalitse chakudya. Ndiwe bambo wa nyumba ino."

Ayad anaima pamalo pamene bambo ake ankaima. Mawuwo ankawadziwa kuposa dzina lake: m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, Mulungu mmodzi. Anatsegula pakamwa.

"M'dzina la Atate," anatero, "ndi la..."

Lilime linauma. Masana omwewo linali litanena kuti Mwanayo kulibe, ndipo tsopano panalibe ketulo yoti igwe, panalibe chomudzidzimutsa. Panali iye yekha, wodekha, ndi mawu amene anayenera kuwasankha.

Amayi ake anadikira, maso ali chitsinzinire, manja ali chitambasulire.

"Pitiriza, mwanawe," anatero. "Mphodza zikuzizira."