Laputopu ya Tionge Iwoloka Msewu

Tionge Sakala anapeza nchito ya ukalaliki pa depoti yogula chimanga ku Mkushi, koma abwana ananena poyera pa foni kuti mawa m'mawa afike ndi laputopu yake. Wopanda laputopu asavutike n'kukwera basi komwe.

Laputopu anali nayo, ya malemu amalume ake. Ukaiyatsa unkatha kuchapa, kuyanika, n'kubwera kuipeza ikali kuganiza. Mavairasi anakwatirana m'menemo mpaka kuona adzukulu. Tionge anasamutsira zithunzi za banja pa fulashi, anafufuta zonse, n'kuyamba kuika sisitemu yatsopano. Batire yake inkasunga moto mphindi zisanu ndi ziwiri basi.

Itafika pa 64 peresenti, malaiti a ku Chowa, komboni yawo ya ku Kabwe, anapita. Ndipo akapita nthawi imeneyo amabwera mawa masana, basi ya ku Mkushi itaiwala kale Kabwe.

"Atate, ikazima apa, nchito yapita."

A Langton, atate ake, anayang'ana kutsidya kwa msewu. Sola inali pa denga limodzi lokha, la a Humphrey Banda, mkulu wa mpingo wa Reformed. Awiriwa anali asanapatsane moni zaka zitatu, chiyambire tsiku limene a Humphrey ananena pamaliro kuti kwaya ya Akatolika imaimba ngati sitima ya malasha yokwera chitunda. Wotsogolera kwayayo anali a Langton.

"Bweretsa kuno," anatero a Langton.

Anainyamula yotsegula, ndi manja awiri, pang'onopang'ono, opanda nsapato. Tionge anali patsogolo ndi chaja, akuimitsa maminibasi. Mayi wina wogulitsa tomato anaganiza kuti ndi mdipiti wa tchalitchi, anachita chizindikiro cha mtanda.

A Humphrey anali pakhonde, akusenda nzimbe.

"Aa, a Sakala! Mwabwera kudzatembenuka?"

"Ndabwera kudzapempha soketi, a Banda. Mzimu wanga usiyeni."

"Soketi yathu ndi ya Reformed. Makina a Chikatolika alandira?"

"Atate, zatsala mphindi ziwiri!" anakuwa Tionge.

A Langton anayang'ana a Humphrey. "Chabwino. Tsiku lija tinaimba moipa. Oimba besi anali atamwa."

"Ndi zokhazo ndinkafuna kumva!" A Humphrey anataya nzimbe, anathamangira m'nyumba, n'kuzula furiji ya akazi awo pakhoma.

Chaja inalowa, kanyali kanayaka. Onse atatu anakhala pansi kuyang'anira manambala ngati odikira mwana ku chipatala. 80. 93. Pa 99 inaima nthawi yaitali, mpaka madoda awiriwo anayamba kupemphera, aliyense m'njira ya kwawo.

Kenako inazima yokha, n'kuyakanso msangamsanga ngati mtsikana, ikufunsa dzina la mwini wake.

Tionge analemba dzina lake, anatsegula pulogalamu ya matebulo owerengera chimanga, ndipo inatseguka asanachotse chala. Anaimba foni pomwepo.

"Abwana, ndine Tionge Sakala. Mawa ndifike nthawi yanji?"