Tinsapato ta a Rakele m'Zitini za Penti

A Rakele Nabanda anali mayi wamasiye wokhala m'munsi mwa phiri, panjira yochoka ku Dowa kupita ku Ntchisi. Pakhonde pawo panali miphika isanu ndi iwiri ya maluwa amene munthu wina aliyense m'deralo analibe. Anawasiyira ndi nesi wachizungu yemwe anamugwirira ntchito zaka khumi. Nesiyo ankawatcha maokidi, koma a Rakele ankangoti tinsapato, chifukwa duwa lake lili ndi kathumba konga nsapato ya khanda.

Maluwawa safuna dothi. Mizu yake imakhala m'makungwa ophwanyaphwanya, makala ndi ndere za m'nkhalango, kuti madzi azingodutsa. Kuwasamutsa kulinso ndi nthawi yake: maluwa akathothoka, mphukira yatsopano ikasuzumira m'mbali, makungwa akayamba kufumbwa. Kwa a Rakele nthawiyo inali Seputembala, kukayamba kufunda.

Mu Juni 1978, tinsapato tonse titamasula, kunabwera a Langton, mng'ono wa malemu amuna awo, amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani.

"Alamu, Loweruka kukubwera a Nduna kudzatsegula mlatho. Maluwa anuwa akakongoletse nsanja."

"Atengeni, alamu. Chachikulu asakhale padzuwa."

"Koma osati m'miphika yobookayi, ikuonetsa umphawi. Tapenta zitini mitundu ya mbendera. Muwasamutsire m'menemo."

"Ino si nthawi yake. Ndikagwira mizu ali ndi maluwa chonchi, afa. Mpaka Seputembala."

"Ndiye ndikauze a Nduna kuti adikire Seputembala?" A Langton anatsitsa mawu. "Anthu akulankhula kale, alamu, kuti mumasamala zinthu za azungu kuposa za dziko lanu. Amene ndimakuikirani kumbuyo ndine. Musandichititse manyazi."

A Rakele anakumbukira mphunzitsi wina wa ku Chezi amene anatengedwa kukafunsidwa mafunso chaka chathacho, ndipo anali asanabwerebe. Anangovomera.

Lachisanu kunafika a Margareta, akazi a a Langton, ndi amayi ena atasenza zitini ndi dengu la dothi lakuda la kudimba. A Rakele anayesa kulowetsa mphika wonse m'chitini, koma unali wotakata kukamwa. Anapempha kuti aboole zitinizo pansi ndi msomali.

"Ayi, penti isupuka," anatero a Margareta.

"Nanga ndiikemo makungwa?"

"Zinyalala zimenezo pamaso pa a Nduna? Inunso, amayi!"

Ntchitoyo a Rakele anaigwira okha, kuopa manja a ena. Mizu inali itakakamira ku mphika, ndipo uliwonse umene unkathyoka ankaumva m'zala. A Margareta ankatsatira pambuyo kutsindira dothi ndi chikhatho ngati akuwokera fodya, kenaka n'kuthira madzi mpaka pakamwa pa chitini.

Loweruka zitini zinandandalikidwa kutsogolo kwa nsanja, padzuwa, kuyambira m'mawa. Amayi anavina mpaka fumbi linakuta masamba. A Nduna anafika dzuwa litapendeka, anadula kansalu pamlatho, analankhula pang'ono ataima pafupi ndi galimoto, n'kupita. Pansanjapo sanakwerepo n'komwe. Mkazi wa mkulu wina wachipani wochokera kuboma anayamikira maluwawo, ndipo a Langton anamunyamulira zitini zitatu m'galimoto, a Rakele akuona.

Zinayi zotsalazo a Rakele anazisenza okha kubwerera nazo. Anakhuthula matope, anatsuka mizu, n'kubwezera m'makungwa. Koma kunkazizira, ndipo mizu yothyoka sinapole. Pofika Ogasiti, mizu ya m'miphika itatu inali itada, ikununkha ngati chinangwa chovunda. Unatsala mphika umodzi, wa masamba awiri.

A Langton anabweranso akumwetulira. Anali atakwezedwa udindo.

"Kuboma atiyamikira kwambiri, alamu. Akuti amayi a nthambi yathu amadziwa kulima maluwa. Chaka chamawa tidzafuna ambiri. Atsala angati?"

"Onse anafa."

"Aaa! Ndiye mumawasamala bwanji?" Anapukusa mutu. "Zinthu za azungu n'zofooka."

Wotsalawo unali kuseri kwa bafa, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene mlendo sakanafika. A Rakele anausamalira zaka zitatu osauza ngakhale amayi anzawo a mvano. Mu Juni 1981 unatulutsa phesi limodzi, ndipo m'mawa wina kansapato kanatseguka, kobiriwira ndi timadontho tofiirira. Koma phesilo linali litatalika, likuonekera kuchokera panjira ya kuchitsime imene a Margareta ankadutsa tsiku lililonse.

A Rakele analiyang'ana kanthawi ali chiimire, chidebe chili m'manja. Kenaka anatenga mpeni, analidula m'munsi, n'kukaliponya m'khola la mbuzi.